Mabulugama a Kumutu kwa Kasupe

Asekuru Lungu akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo la masamba a bulugama owiritsidwa mumphika wadothi, fungo lolasa m'mphuno mpaka kutulutsa misozi, kenako mdima wa bulangete lawo lolemera la ku Joni limene ankatifunditsa kumutu ife ana tikagwidwa chimfine, nthunzi ikutiwotcha kumaso, thukuta lili kamukamu, iwo ali kunja ataponda m'mphepete mwa bulangetelo kuti tisathawe. "Pumira mkati, iwe! Ukalira mbwenu mankhwala akugwira." Ukatuluka m'menemo mphuno zinkakhala zatsegukadi, koma unkalumbira mumtima kuti sudzatsokomolanso pamene nkhalambayo ikumva.

Sanali agogo anga enieni. Ife tinali obwera. Bambo ndi amayi anachoka ku Dowa ine Enelesi ndili kumsana, kudzafuna malo olima chimanga ndi fodya kumidzi ya kufupi ndi Champhira, ndipo amene anawayankhulira kwa eni nthaka mpaka kupatsidwa munda anali asekuru Lunguwo. Nyumba yathu inamangidwa kuseri kwa khola lawo la ng'ombe, moti utsi wa kukhitchini kwathu unkadutsa pakhonde pawo, tambala wawo n'kumadzutsa ife. Amayi, amene kwawo anali Nabanda, kuno anasanduka NyaBanda. Asekuru ankatiyankhula Chichewa chimene anatola kumigodi, chothiramo Chitumbuka mosaumira, ndipo ukayesa kuwawongolera ankakufunsa ngati unabadwa iwo asanabadwe.

Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosavula jekete ndi chipewa ngakhale dzuwa la Okutobala likung'amba nthaka. Ku Joni anakaonako minda ya mitengo yodzalidwa m'mizere yowongoka, ndipo chinthucho chinawalowa m'magazi. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapitanso komweko n'kutchona, osamvekanso. Za iyeyo sankayankhula. Ankangoti, "Khuni ukalidzala, mawa ulipeza pamene unalisiya," khuni ndiye mtengo m'chiyankhulo chawo, makuni ndiye mitengo, ndipo akazi awo, agogo NyaHara, akamva mawuwo ankayang'ana kumbali.

Mudzi wonse unkamwa pa kasupe mmodzi wa kumutu kwa dambo. Madzi ake ankatuluka pansi pa mwala waukulu wathyathyathya, ozizira mpaka kuwawitsa mano, n'kudzaza kadziwe kamene azimayi anakazinga ndi miyala, otsala n'kutsetsereka kukanyowetsa madimba a mpiru ndi nzimbe kumunsi. Chilimwe chivute bwanji, kasupeyo sankaphwa. Ndowa unkangoimiza kamodzi, n'kudzaza.

Chaka chimene ndinayamba sukulu kunabwera mawu akuti mudzi uliwonse udzale mitengo pa tsiku limene boma linaika, mkati mwa dzinja. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mawu otere munthu sunkawafunsa kuti agona kuti. Ngolo ya ng'ombe inabwera ndi mbande za bulugama m'timachubu takuda, ife ana a sukulu tinafola, azimayi anaimba atavala nsalu zawo za kumisonkhano, ndipo a Zimba, amene anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, anayankhula mpaka mvula inawadula pakamwa. Kenako panabuka funso loti tidzale pati. Asekuru ndiwo anati pamtunda pa kasupe, poti nthaka yake ndi yachinyontho ndipo madzi othirira ali pafupi. Aliyense anawomba m'manja, amayi anga omwe. Ndikunena dala zimenezi, chifukwa pambuyo pake panapezeka anthu ambiri amene ankati iwo anadziwiratu.

Asekuru anasankhidwa kukhala woyang'anira, ndipo tinaona zakuda. Midzi ina inadzala, n'kuimba, n'kubwerera kunyumba, mbuzi ndi chiswe n'kumaliza ntchito. Kwathu ayi. Iwo anabwera ndi chingwe chawo chomanga mfundo, ndipo dzenje lokumbidwa pambali pa mfundo linkakwiriridwa, mwini wake n'kuyambanso. Loweruka lililonse nyumba iliyonse inkatumiza munthu kukapalira, kukathira phulusa m'tsinde kuopa chiswe, kukatchinga minga kuopa ng'ombe zikamasulidwa anthu atakolola, ndipo udzu ukayamba kuuma tonse tinkalambula msewu wotchinga moto kuzungulira munda wonsewo, fumbi lili koboo, makasu akulira pa nthaka youma, azimayi akuimba nyimbo zowanena asekuru omwewo iwo n'kumavomereza nawo osadziwa, kapena podziwa, sindinganene. Chilimwe choyamba tinathirira mbande iliyonse ndi chikho, iwo ali pambuyo kuona ngati sunadumphe ina. Masamba a odwala chimfine ankathyola ndi asekuru okha. Ngakhale makungwa ogwa okha palibe ankaloledwa kutola. Ankati ukalola khungwa lero, mawa munthu yemweyo abwera ndi nkhwangwa.

A Zimba anakhomapo chikwangwani chonena kuti mitengoyo inadzalidwa ndi mudzi wathu pa tsiku la boma, ndipo alendo a ku Mzimba akabwera ankawatengera kumeneko kukawaonetsa. Asekuru ankaima pambali pa chikwangwanicho, chipewa chili pachifuwa, nkhope ikuwala. Sindinawaonepo akusangalala chotero pa china chilichonse.

Mitengo inakula ngati ikuthamangitsidwa. Pamene ndinkafika msinkhu wosenza ndowa yodzaza, inali itapitirira denga la tchalitchi, mathunthu ali mbee, nsonga zikuwayula mphepo ikaomba. Ndipo kasupe anayamba kufooka. Poyamba madimba a kumunsi ndiwo anauma, nzimbe n'kusanduka mapesi. Kenako kadziwe kanatsika, tinayamba kutunga ndi chikho, kudikira madzi adzadzane, kutunganso, mzere wa ndowa utafika kunjira. Chilimwe chotsatira panatsala matope onunkha ndi mapazi a mbalame.

Tinayamba kupita kumtsinje, ulendo woti uchoke kusanache ubwere dzuwa litakwera, ndipo kumeneko nako madzi tinkachita kufukula mumchenga. Ndinkafika kusukulu mochedwa, khosi litauma, n'kulandira chikwapu cha kuchedwako pamwamba pake. Nkhata inandidya tsitsi pakati pamutu mpaka anzanga ankanditcha agogo. Amayi anali ndi pakati pa mlongo wanga, miyendo itatupa, koma ankapita. Agogo NyaHara maondo anali atawakana, choncho ndowa imodzi mwa zathu inkatsikira kwawo. Madzi amene asekuru ankasukusula m'mawa asanapite kukayendera mitengo yawo anali oyenda pamutu panga, ndipo ndisaname, masiku amenewo ndinkawada.

Azimayi ankanong'onezana m'njira kuti ndi mabulugama. Amayi anga kunong'ona sankakudziwa. Tsiku lina anatula ndowa pakhonde pa asekuru, n'kugwira m'chiuno.

"Adada, mitengo yanu ija ikumwa madzi athu."

"Yayi, NyaBanda. Vula ndiyo yachepa. Khuni limaitana vula, silimwa chisimi."

"Nanga akasupe a midzi ina bwanji sanaphwe? Mvula yawo imachokera kwina?"

Asekuru anakonza chipewa. "Mwakula pakamwa chomene, mwana wane," anatero, n'kunyamuka.

Pamsonkhano palibe akanayerekeza kuitchula nkhaniyi. Kunena kuti mitengo ya tsiku la boma ndi yoipa kunali kunena kuti boma lalakwitsa, ndipo onena zotere ankakwera galimoto limene silinkawabweza msanga. Azibambo ankati tidikire mvula. Iwo sankasenza ndowa.

Mwayi unabwera ndi maliro. Mlongo wawo wa asekuru anamwalira ku Euthini, kutali, ulendo woti munthu akagoneko masiku. Atangonyamuka, amayi ndi azimayi ena ochepa anapangana. Kudula sakanatha, chifukwa mtengo wotero ukamagwa mudzi wonse umamva. Koma mlimi aliyense amadziwa kuti mtengo ukausenda khungwa kuzungulira tsinde umauma pang'onopang'ono uli chiimire, popanda phokoso. Tsiku lopitalo ine ndinali nawo. Podutsa pakhonde pa agogo NyaHara masana dzuwa lili pamutu, makasu ndi zikwanje zitabisidwa m'ndowa, agogowo anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, n'kuweramira m'lichero lawo. "Ine maso anga anafa kale, ŵana ŵane. Sindikuona kanthu yayi."

Anasenda mzere woyandikana ndi kasupe, mothamanga, aliyense akutembenukira kunjira. Ntchitoyo inali yonyansa: apa khasu lalowa kwambiri, apo langokanda, pena timizere ta khungwa tatsala tolumikiza kumunsi ndi kumtunda. Anzawo anakataya makungwa awo m'chigwembe n'kukwirira. Amayi anamanga awo m'chitenje. Anzawo atawaletsa, amayi anati, "Nkhuni zabwinobwino ndizitaye, ine ndi mimba iyi? Mukanditolera zina ndinu?" Anakaziika pansanja ya pamwamba pa moto kukhitchini kwathu kuti ziume.

Asekuru pobwera kumaliro sanayambe alowa m'nyumba. Anapita kumitengo, chikwama chili m'manja. Ine ndinali kumeneko ndi mbuzi zathu, ndipo ndinawaona akuima pa mtengo woyamba, n'kuika chikhatho pa chilonda choyera chija, n'kupita pa wachiwiri, wachitatu, mpaka kumapeto kwa mzere. Kenako anakhala pansi, padothi penipeni, ndi jekete lawo la kumaliro. Sanakuwe, sanatukwane. Ndikanakonda akanakuwa. Tsiku lomwelo anakanda dothi ndi ndowe za ng'ombe, n'kumata zilonda zonse, n'kukulunga ndi masaka akale. Madzulo tinawamva kuseri kwa khola akuuza agogo NyaHara kuti, "Sanamalize kuzungulira. Akhoza kuchira." Amayi anatsonya, koma mwakachetechete.

Nkhani inafika kwa a Zimba ku Champhira. Anyamata a chipani anayenda khomo ndi khomo kulengeza msonkhano wa mudzi wonse pa chikwangwani paja, ndi kuti wosabwera adzakhala wadziulula yekha. Apa ndiye tinadziwa tanthauzo la kukhala obwera. Aliyense anali atamva kuti amayi anakangana ndi asekuru za mitengoyo. Azimayi amene anali nawo tsiku lija anayamba kudutsa pakhomo pathu maso ali kutsogolo, osapereka moni. Sindiwaimba mlandu, nawonso anali ndi ana. Bambo, munthu wofatsa amene sankatha kukalipira ndi nkhuku yomwe, anangokhala pamphasa atagwira mutu.

"Mwatipha, amake Enelesi. Munda uwu tinachita kupatsidwa. Akatilanda tilowera kuti? Nanga akakutengani, mwanayo mukaberekera kuti?"

M'mawa wa tsiku la msonkhano amayi anakumbukira makungwa a pansanja. Anyamata aja akanati alowe m'makhitchini kukafufuza, nkhani ikanathera pomwepo. Kukataya sikukanatheka, kunja kunali kutawala kale. Ndiye anaganiza zowatentha onse, ndipo anawaunjika pamoto. Mayi wanzeru ngati ameneyo, kuiwala kuti bulugama sabisika! Utsi wake unadzaza khitchini, n'kutulukira m'denga la udzu, woyera, wonunkhira mankhwala, n'kutsata njira yake ya masiku onse yodutsa pakhonde pa asekuru.

Sipanapite nthawi, tinamva, "Odi kuno."

Anali ataima pakhomo, phale lili m'manja. "Ndapota, NyaBanda, tigawireniko moto. Wathu wazima."

Moto wa agogo NyaHara sunazimepo chibadwire changa. Amayi anauma pamene anakhalapo, chikuni chili m'manja. Asekuru anawerama n'kulowa okha, n'kunjuta pamoto, maondo akulira. Anayang'ana makungwa akupindika m'malawi, n'kutola limodzi limene linali lisanagwire bwino, lokhala ndi mano a khasu, n'kulitembenuza uku ndi uku. Kenako anayang'ana amayi, mimba yawo ndi mapazi awo otupa ong'ambika zidendene. Anayang'ana ndowa zopanda kanthu pakhomo. Anayang'ana ine, ndipo maso awo anaima pakati pamutu panga pamene panalibe tsitsi. Ndikuganiza kuti anali asanapaonepo, chifukwa munthu wamtali choncho akamayenda ankayang'ana nsonga za mitengo. Anabwezera khungwa lija pamoto, n'kutola khala limodzi, n'kuika paphale.

"Yewo," anatero, n'kutuluka.

Bambo anayamba kumanga zovala m'chitenje. Amayi, posowa chochita ndi manja awo, anandikalipira kuti ndikuyang'ana chiyani m'malo mopita kumadzi. Njira ya kumtsinje inkadutsa m'mphepete mwa mitengo ija, ndipo ndisanafike ndinamva kankhwangwa kakulira, go, go, go, mosathamanga. Anali asekuru. Anali atamasula masaka aja, atapala dothi lonse limene anamata okha, ndipo ankadula timizere ta khungwa timene tinatsala, kusalaza pamene makasu anakumba, kuwongola m'mphepete, mpaka chilonda chilichonse chinakhala lamba woyera wofanana kuzungulira tsinde. Mitengo imene dzana lake ankati ichira, ankaimaliza ndi dzanja lawo. Milomo yawo inkagwedera, koma mawu sindinawamve. Atandiona anati, "Pita ukateke maji, mzukulu. Pano palibe cha iwe." Ndinathamanga ndikuganiza kuti nkhalamba yapenga.

Msonkhano unachitika masana. Tinakhala pansi kuyang'ana chikwangwani, azibambo uku, azimayi uku, ndipo pozungulira amayi panatsala malo oti n'kuyalapo mphasa. A Zimba anaimirira, anyamata awo ali kumbuyo.

"Amene wachita izi sanalimbane ndi mtengo ayi. Walimbana ndi chitukuko. Atuluke yekha tisanamutulutse."

Ndinamva amayi akukoka mpweya, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuimirira, chifukwa sanali munthu wodikira kulozedwa chala. Koma asekuru anawayambirira. Anavula chipewa.

"Ndine, a tcheyamani."

"Inu, adada? Musatiseweretse, nkhani iyi ndi yaikulu."

"Enya, ndine. Makalasi aja tinaumbira njerwa, zipupa zaima nthawi yonseyi popanda denga, ŵana akuphunzira pabwalo. Makuni agha akhwima. Bulugama ukamudula wamuwisi amang'aluka, amapindika. Umayamba wamusenda, aume ali chiimire, mbwenu phaso limatuluka lowongoka. Pitani mukaone ngati imeneyo ndi ntchito ya munthu wakuba."

A Zimba zilonda zoyamba zija anangozimva, sanazione. Anapita ndi anyamata awo n'kukapeza malamba osalala ngati oyezedwa ndi chingwe. Theka la mudzi linali litaona masaka ndi ndowe zija, koma tsiku limenelo aliyense maso ake anali atafa ngati a agogo NyaHara.

"Nanga bwanji osatiuza?"

"Ukalamba, a tcheyamani. Ndimayesa ndinanena."

A Zimba sanali chitsiru. Anayang'ana asekuru, n'kuyang'ana kumene kunakhala azimayi, n'kuyang'ana matope ouma a pakasupe. Kenako anafunsa mofatsa, "Mzere umodzi sungafolere makalasi onse aja, adada, ndiye pali nyumba ya aphunzitsi. Ngati nkhani ndi ya denga, mufuna mitengo ingati?"

Mpaka lero sindidziwa ngati a Zimba ankawakola kapena ankawatsegulira khomo. Asekuru akanatha kunena kuti mizere iwiri ikwana, nkhani n'kutha, mitengo yambiri n'kutsala. Anakweza maso n'kuyang'ana nsonga zija zikugwedezeka.

"Yonse," anatero.

A Zimba anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu, chifukwa nawonso, ndikuganiza, sankafuna kukweza munthu galimoto. Pomwepo anasintha nyimbo, n'kuyamba kuyamikira mudzi wathu kuti wamvetsa chitukuko, kuti mitengo ya boma ikukafolera sukulu ya boma. Azimayi analulutira, ndipo mkati mwa nthungululuzo munali zambiri zimene a Zimba sanazimve. Amayi okha sanalulutire. Asekuru anavala chipewa n'kuchoka msonkhano usanathe.

Mitengo yotsalayo anaisenda okha. Azibambo atabwera ndi nkhwangwa kudzathandiza anawabweza. Tsiku ndi tsiku kankhwangwa kaja kankamveka kuchokera kumutu kwa dambo, go, go, go, kupuma, go, go, ndipo amayi akakamva ankasiya chimene akuchita, n'kulowa m'nyumba. Masamba anafiira, n'kuyoyoka, mudzi wonse n'kununkhira mankhwala a chimfine kwa miyezi. Chilimwe chotsatira tinagwetsa, ng'ombe n'kukoka mapaso kupita kusukulu. Bulugama ndi wamakani, zitsa zinayamba kuphuka, ndipo asekuru ndiwo anatiuza kuti kuthyola mphukira n'kutaya nthawi, pafunika kukumba ndi kutentha chitsa chilichonse. Choncho Loweruka lililonse nyumba iliyonse inayambanso kutumiza munthu, iwo ali pambuyo kuona ngati sitinasiye muzu. Chitsa chomaliza chitapsa anapita kunyumba, ndipo kumutu kwa dambo sanapondekonso.

Anakalamba nthawi imodzi. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, jekete litawakulira, manja ali pamaondo. Amayi akapereka moni ankayankha bwinobwino, koma zowaseka kuti akula pakamwa zinatha. Za makungwa aja palibe anatchulapo, iwo kapena amayi.

Choopsa n'chakuti madzi sanabwerere. Dzinja linadutsa, chilimwe chinafika, kasupe ali gwa. Tinapitirira kupita kumtsinje, mlongo wanga ali kumsana kwa amayi. Anthu anayamba kunena kuti mwina nkhalamba inkanena zoona, inali mvula. Amayi anaonda. Tsiku lina tikufukula mchenga anandiuza mawu amene sindinawayembekeze kwa iwo: "Enelesi, ngati ndinamuphetsa munthu uja mitengo yake pachabe, ndidzayang'ana kuti?"

Dzinja lachiwiri litatha, udzu wa pansi pa mwala uja unakana kuuma. Kenako panaoneka chinyontho, kenako kamadzi kongoti tcho, tcho, achule n'kubwerera. Pamene dzuwa linafika poti akasupe ofooka amaphwa, wathu anali akuyenda, osati ngati kale, koma akuyenda. Mudzi unasangalala. Ena anapita kukawatenga asekuru kuti adzaone, iwo anati maondo akuwawa.

Amayi anatsuka chikho chatsopano, n'kutunga pansi pa mwala penipeni, n'kuyenda nacho m'manja awiri mpaka pakhonde pa asekuru, ine ndili pambuyo. Anagwada.

"Adada, madzi."

Asekuru anayang'ana m'chikhomo. Sanafunse kuti achokera kuti. Anamwa pang'onopang'ono mpaka kutha, madzi ena akutsikira m'ndevu, n'kupukuta pakamwa ndi dzanja.

"Akuzizira," anatero. Anaika chikho pamaondo. Kenako anati, "Mukudziwa, NyaBanda, chifukwa chake ndinasankha pamene paja? Za chinyontho ndinangonena. Ndinkaona mukutunga padzuwa, ŵana akulira kumsana. Ndinati akakula makuni agha, ŵamama adzatunga pamthunzi."

Amayi anga anasendera pafupi. Anagwira mkono wa jekete lija n'kuyamba kulira mokweza ngati pamaliro, ndipo nkhalambayo inkawasisita pamutu ikuti, "Mbwenu, mwana wane, mbwenu. Maji abwera."

Asekuru anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Itagwa, amayi anapita kumtsinje n'kukazula timitengo ta katope, mtengo umene umamera m'mphepete mwa madzi chikhalire koma osawaumitsa, atafunsa kaye azimayi achikulire onse a m'mudzimo kuti asalakwitsenso wina. Anadzala pambali pa mwala uja, popanda nyimbo, popanda chikwangwani. Mbuzi zinadya ina, moto unapsereza ina, umodzi unapirira.

Lero ndimakhala ku Mzimba, ndipo m'gulu la m'dera lathu limene limadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje dzinja lililonse amandidziwa kuti ndine mayi wovuta, wofunsa dzina la mbande iliyonse ndi kumene anthu amatunga madzi tisanakumbe dzenje. Sindipepesa. Koma ndikaona munthu akukakamira chinthu cholakwika ndi mtima wake wonse, mkwiyo wanga umachedwa kubwera, chifukwa ndimayamba ndadzifunsa kuti ankafuna kutichitira chiyani.

Amayi anatisiya kale. Katope uja tsopano ndi mtengo waukulu, ndipo azimayi amatula ndowa pansi pake, n'kumasula ana kumsana, n'kucheza podikira anzawo. Ndikapita kumudzi ndimakalambula m'tsinde mwake udzu usanaume. Ana a masiku ano akandifunsa kuti mtengowo ndi wa yani, ndimawauza kuti ndi wa asekuru Lungu, ngakhale kuti iwo sanauone ndi tsamba lake lomwe.